Kapepala ka Kumsana kwa Buku

Kumsana kwa buku lililonse la mulaibulale kumakhala kapepala koyera, kolembedwa manambala angapo ndi zilembo zitatu pansi pake. Owerenga ambiri sakayang'ana n'komwe. Komatu kwa mnyamata wa ku Bangula amene akufunafuna ntchito kuminda ya nzimbe ku Nchalo, kapena mtsikana wophunzira unamwino ku Muona amene wapatsidwa ntchito yolemba za amayi akale a m'chigwa cha Shire, kapepalako ndi kamene kamapangitsa kuti buku lipezeke m'mphindi zochepa m'malo mofwanthula tsiku lonse. Kuti kafike pamenepo, pamakhala padutsa ntchito yambiri ya manja ndi ya mutu.

Buku likangotuluka m'katoni, woyang'anira laibulale salithamangitsira pashelefu. Amayamba walipfuthula ndi chala chachikulu, kuona ngati masamba onse alipo ndiponso ngati palibe losokedwa chadodolido. Akatero amalilemba m'kaundula: tsiku lofika, dzina la wolemba, mutu, chaka chimene linasindikizidwa, kumene lachokera, ndi nambala yakeyake imene buku lina silidzalandiranso. Kenako chidindo. Amadinda tsamba loyamba, n'kulipanikiza bukulo ndi dzanja limodzi kuti adinde m'mphepete mwa masamba onse pamodzi. Pomaliza amadinda tsamba lina lamkati limene laibulaleyo inadzisankhira, kuti wong'amba tsamba loyamba asaganize kuti wafufuta umwini.

Tsopano pamabwera funso lalikulu: bukuli likunena za chiyani? Malaibulale ambiri amatsata njira imene Melvil Dewey wa ku America anafalitsa mu 1876, yogawa nzeru zonse m'magulu 10. Chipembedzo chili pa 200, za chikhalidwe cha anthu pa 300, za umisiri ndi ntchito pa 600, mbiri pa 900. Kukoma kwa njirayi n'kwakuti nambala iliyonse yowonjezera imachepetsa bwalo. Taonani 968.97. Nambala 9 ndi mbiri, 96 ndi Africa, 968 ndi kummwera kwa Africa, ndipo 968.97 ndi Malawi, moyandikana ndi Zambia pa 968.94 ndi Zimbabwe pa 968.91. Wofuna ntchito amalunjika pa 650.14, pamene pali mabuku a kalembedwe ka CV, kalata yofunsira ntchito ndi kayankhidwe ka mafunso a intavyu. Za amayi zili pa 305.4, za amayi pantchito pa 331.4. Munthu akadziwa nambala imodzi, wapeza buku limene amafuna pamodzi ndi anzake oyandikana nalo amene sankawadziwa.

Luso lenileni limaoneka pa mabuku osalola kukhala pamalo amodzi. Titenge buku la Elias Mandala la mu 1990, Work and Control in a Peasant Economy, lofotokoza mbiri ya chigwa chino kuyambira 1859, chaka chimene David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire, mpaka 1960. Pachikuto palibe mawu oti amayi. Wopupuluma angangoliponya pa za chuma kapena ulimi n'kuiwala. Waluso amatsegula za m'katimu, n'kupita kumapeto kumene kuli mlozera, mndandanda wa mawu ofunika ndi masamba amene mawuwo akupezeka. Amayendetsa chala pang'onopang'ono, n'kutsegula masamba angapo kuti atsimikize. Mmenemo amakumana ndi amayi a Chimang'anja opanga mchere, amene ankapala dothi lamchere, kuliika mumphika wobooka pansi, kuthira madzi, ndi kuphika madzi odonthawo mpaka atauma. Amakumananso ndi nkhani za mbumba, za ulimi wa kudimba ndi kumphala, ndi za mmene thonje la nthawi ya atsamunda linasinthira ntchito za pakhomo.

Buku ndi limodzi, ndipo pashelefu lingakhale pamalo amodzi basi. Njira yothetsera vutoli ndi makhadi. Khadi la katalogu, bokosi la madilowa limene limalozera mabuku onse, limakhala lotalika masentimita 12.5 ndi 7.5 m'lifupi, lobooka pansi kuti kachitsulo kalowemo, makhadi asamwazike dilowa ikagwa. Khadi loyamba limalembedwa dzina la wolemba, lachiwiri mutu wa buku. Otsatirawo ndi a nkhani, ndipo apa woyang'anira ali ndi ufulu wolemba khadi la thonje, la njala, la mchere ndi la amayi, onse olozera nambala imodzimodzi. Chimodzimodzinso buku la Matthew Schoffeleers la mu 1992, River of Blood, lonena za Mbona ndi kachisi wa ku Khulubvi ku Nsanje. Malo ake ndi pa chipembedzo, koma khadi limodzi lowonjezera limamufikitsa wowerenga kwa Salima, mayi amene mwamwambo amakhala mkazi wa Mbona pakachisipo. Kumene kuli makompyuta, pulogalamu ngati Koha imasunga zonsezi, koma kompyuta imangobweza zimene munthu anaikamo. Wolowetsayo akapanda kulemba za amayi, wofufuza sawapeza.

Nambala ikadziwika, kapepala kamadulidwa molingana ndi kunenepa kwa buku. Pansi pa nambala pamalembedwa zilembo zitatu zoyamba za dzina la wolemba, monga MAN kapena SCH. Woyang'anira amayeza ndi kakatoni kamene anadula kale, kuti timapepala tonse tikhale pamzere umodzi mabuku akandanda. Kuchigwa kuno, kumene kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, guluu wosalimba amauma n'kusiya kapepala kakuyoyoka, choncho amakakuta ndi selotepi yaikulu yofika mbali zonse ziwiri za chikuto, n'kuisisita ndi chikhadabo mpaka mpweya wonse utatuluka. Shelefu imatalikirana pang'ono ndi khoma kuti njira ya chiswe ioneke msanga. Aliyense amene anaona madzi osefukira a mu Januwale 2015 kapena namondwe Freddy mu Malichi 2023 amadziwanso kuti mabuku osowa sakhala m'munsi. Buku likanyowa saliyanika padzuwa, chifukwa limapindika. Amaliimika pamthunzi pamene pakupita mphepo, masamba atawatambasula, n'kumasintha mapepala oyera oikidwa pakati kuti amwe madzi chuku chisanagwire.

Zolengeza za ntchito zili ndi kasamalidwe kakenso, poti zimatha mphamvu msanga. Nyuzipepala monga The Nation ndi The Daily Times zikafika, woyang'anira wakhama amaona masamba a ntchito, n'kulemba mzere pansi pa tsiku lotsekera kulandira makalata. Zimene akumata pabolodi amazisanja potsata tsikulo, zotsala pang'ono kutha pamwamba, ndipo zakutha amazichotsa kuti munthu asawononge ndalama ya fotokope ndi ya basi pachabe.

Ntchito yomaliza ndi ya m'mawa uliwonse, zitseko zisanatsegulidwe. Woyang'anira amayenda m'mashelefu chala chili pa timapepala, kuwerenga nambala imodziimodzi. Ayenera kukumbukira kuti 305.42 imabwera 305.5 isanafike, ngakhale 42 amaoneka wamkulu kuposa 5, chifukwa kuseri kwa kadontho manambala amayerekezedwa imodziimodzi. Akapeza buku losochera amalisolola, n'kulibweza pamalo pake, n'kuwongola mzere ndi chikhatho. Owerenga amapemphedwa kusiya patebulo mabuku amene amaliza pa chifukwa chomwechi: buku loikidwa pashelefu yolakwika limakhala lotayika ngakhale lili m'chipinda momwemo, ndipo makhadi ake onse amalozera pamalo opanda kanthu.