Chikomekome cha pa Sikirini

Sabata ino tisiye kaye ndakatulo ndi nthano, tiunike zolemba zina zomwe timaziwerenga kawirikawiri kuposa buku lililonse, koma sitiziunika ngati zolemba: mawu ndi zithunzi za pa sikirini ya foni. Inu amene lero mwadina nyenyezi, manambala atatu ndi hashi kuti mutumize ndalama kumudzi, mwawerenga ntchito ya mlembi. Alipo munthu anakhala pansi n'kusankha kuti 1 akhale chiyani, 2 akhale chiyani, liwu liti libwere poyamba. Ndipo luso limeneli anthu amakaliphunzira kuyunivesite, mpaka kuvala gauni.

Maphunzirowo ali pawiri. Oyamba amawatcha interaction design, kutanthauza kukonza mmene munthu ndi makina amamverana: ukadina apa chichitike n'chiyani, ukaphonya ubwerere bwanji. Dzinali analiyambitsa Bill Moggridge ndi Bill Verplank cha m'ma 1980, ndipo mu 1994 yunivesite ya Carnegie Mellon ku America inayamba kupereka digiri yachiwiri ya phunziroli. Achiwiri ndi motion graphics, zilembo, manambala ndi zojambula zomwe zimayenda, monga zija zimavina nkhani za pa TV zisanayambe kapena pa sitetasi ya WhatsApp yotsatsa malonda.

Mfundo yanga ndi imodzi basi. Ntchito zambiri zomwe achinyamata ophunzira lusoli amaonetsa pa Facebook n'zokongola ndithu, sindikukana, koma anazipangira munthu amene ali ndi foni yodula, bandulo yodzaza, Chingerezi chosalala ndi manja ouma. Munthu ameneyo kumsika sindikumana naye kawirikawiri. Amene ndimamuona ine ali ndi kafoni ka mabatani kosweka galasi, dzuwa likumuwalira pa sikirini, dzanja limodzi lagwira jumbo, kumbuyo mwana akulira, kasitomala wina akufuna chenji. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Komatu mabuku awo omwe amanena zomwezi. Don Norman, m'buku lake la 1988 lomwe masiku ano limadziwika kuti The Design of Everyday Things, anapereka chitsanzo cha chitseko. Ukachikankha pomwe chimafunika kukoka, wolakwa si iwe, ndi amene anachipanga chogwirira chonamiza. Tsono ganizirani amayi aja mumawaona atapereka foni ndi nambala yawo yachinsinsi kwa ejenti kapena kwa mdzukulu kuti awadinire. Timawaseka kuti ndi osaphunzira. Norman akanati chitsekocho n'chimene chalephera. Ndipo mtengo wa kulepherako si manyazi okha ayi, ndi ndalama ya fetereza yomwe ili m'manja mwa munthu wina.

Tiyeni tiuwerenge menyu wa manambala uja monga timawerengera ndakatulo. Ubwino wake ndi umphawi wake. Njira imeneyi, yotchedwa USSD, imanyamula zilembo zosapitirira 182 pa uthenga umodzi, siifuna intaneti, ndipo imagwira pa foni iliyonse. Mlembi wake alibe malo odzionetsera. Liwu lililonse liyenera kugwira ganyu. Inu olemba ndakatulo za mizere inayi mukudziwa kuvuta kwake.

Mzere wabwino koposa m'ndakatulo imeneyi ndi uja umakuonetsa dzina la munthu amene ukumutumizira ndalama usanavomereze. Ku Kenya, M-Pesa ya kampani ya Safaricom, yomwe inayamba mu 2007, inadzawonjezera chinthu chimenechi n'kuchitcha Hakikisha, liwu la Chiswahili lotanthauza kuti tsimikiza. Mulibe mtundu, mulibe chovina, koma ndani angawerenge mikangano imene mzere umodziwo waletsa? Amene anauganiza ankadziwa kuti chala cha munthu chimaterereka.

Zofooka za mamenyu otere nazo zilipo, kulikonse kumene amagwiritsidwa ntchito. Ukachedwa kuwerenga, menyu amatseka yekha, uyambirenso. Wowerenga mofulumira savutika, koma agogo amene amawerenga chilembo chimodzichimodzi amalangidwa chifukwa chosamala. Chachiwiri ndi zitseko zambirimbiri: 4, kenako 2, kenako 5, mpaka waiwala chomwe umafuna. Chachitatu ndi uthenga wongoti zalephereka, osakuuza ngati ndalama yatuluka kapena ayi. Apo mtima umathamanga, eti? Mlembi wabwino sasiya wowerenga pamphambano popanda chikwangwani.

Ndiye pali nkhani ya chilankhulo, yomwe ikutikhudza ife a gulu lino kwambiri. Chichewa cha pa sikirini nthawi zambiri chimamveka kuti chinabadwira m'Chingerezi n'kuvekedwa chitenje. Munthu kumsika amati ndikufuna kutapa, ndikufuna kuika, yatsala zingati, andidula zingati. Mawu alipo kale m'kamwa mwa anthu, amangofunika wina apite akawatole. Kodi wophunzira amene watha zaka zinayi akusankha mitundu ya mabatani, anakhalapo ola limodzi pa benchi ya ejenti akumvetsera?

Ena anachita zimenezo. Indrani Medhi, wofufuza wa ku Microsoft Research mumzinda wa Bangalore ku India, anagwira ntchito ndi amayi ogwira ntchito za m'nyumba omwe sankadziwa kuwerenga. Anapeza kuti zojambula pamanja zosavuta, pamodzi ndi mawu olankhulidwa m'chilankhulo chawo, zinkawathandiza kwambiri, ndipo kuti mamenyu a zitseko zambiri ankawasokoneza. Mayankhowo sanawapeze mu ofesi. Anawapeza m'makomboni.

Tibwere ku zithunzi zoyenda. Apa ndiye chikomekome chafika pena. Mwaona zotsatsa zija chizindikiro cha bizinesi chimazungulira, kuphulika, kutulutsa moto, koma mtengo ndi nambala ya foni zimangoti phethi n'kuzimiririka? Wataya bandulo yako, koma sukudziwa kuti nsapatoyo ndi zingati. Wopangayo wationetsa kuti After Effects amaidziwa. Zoti ife tikufuna chiyani, ayi.

Yerekezani ndi Saul Bass, amene ophunzira lusoli amamutenga ngati gogo wawo. Pa chiyambi cha filimu ya Alfred Hitchcock ya Psycho, ya mu 1960, anangogwiritsa ntchito mizere yowongoka ndi mayina omwe amang'ambika pakati. Nkhani yake ndi ya munthu wogawanika maganizo, ndiye zilembozo zimakuuziratu usanaone nkhope ya aliyense. Kuyendako kunali ndi chonena. Nafenso tili nazo zofunika kunena. Nthawi ya kolera, kanema wamfupi woonetsa lita imodzi ya madzi aukhondo, masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga akugwera mmodzimmodzi, kenako theka la supuni ya mchere, angamveke kwa Mtumbuka, Myao, Msena ndi Mlomwe popanda womasulira. Akakhala wopepuka, woti atsitsike ndi netiweki ya kumudzi, ndiye wapulumutsa mwana. Kumeneko ndiko kuyenda kwa phindu.

Musandimve molakwa, sindikuti yunivesite ilibe ntchito. Wongophunzira pa YouTube amadziwa kudina mapulogalamu, koma kalasi yabwino imaphunzitsa chinthu chovuta kuposa pamenepo: kupereka ntchito yako kwa munthu, iwe n'kukhala chete, kumamuonerera akuvutika nayo osamuthandiza. Jakob Nielsen analemba mu 2000 kuti kuyesa ndi anthu 5 okha kumavumbula mavuto ambiri a chinthu chomwe wapanga. Funso langa n'lakuti, asanuwo ndi ati? Ngati ndi anzako a ku hositelo, onse ali ndi laputopu, udzakhoza mayeso koma udzapanga chitseko chonamiza. Tenga mayi wa mandasi, mnyamata wa kabaza, agogo olandira ndalama kuchokera ku Joni, ejenti, ndi wina amene maso ayamba kuchita chidima. Akadutsa asanuwo popanda kufunsa, landira digiri yako ndi manja awiri.

Ndipo kusauka kwa zipangizo si chifukwa. Kabolodi ka Arduino, komwe lero kali m'masukulu dziko lonse lapansi, kanabadwira pa sukulu ya interaction design ya ku Ivrea, ku Italy, mu 2005, chifukwa ophunzira ankafuna chipangizo chotsika mtengo. Kusowa kunabala nzeru.

Ife ogulitsa timalidziwa lusoli ngakhale tilibe dzina lake. Mulu wa tomato umauika poti wodutsa aone mtengo wake asanafunse, wofiira kutsogolo, kabasela pambali. Ukauika molakwika, palibe amakupatsa malikisi. Madzulo umangobwerera nawo kunyumba. Mayeso otero ndi amene ndikufuna ophunzira athu alembe.

Tsono inu amene muli ndi mwana kapena mng'ono amene akufuna maphunziro amenewa, musamuletse, ntchitoyo ikufunika. Koma akabwera pa holide kudzakuonetsani zomwe wapanga, musathamangire kunena kuti zakongola. Perekani foniyo kwa azakhali, nonse mukhale chete, muone.

Nanga inu, ndi mzere uti wa pa foni yanu umene mukanakonda kuulembanso, ndipo mukanaulemba bwanji m'Chichewa chathu? Ndikudikira kumva.