Kandulo ya Faraday

Mu Disembala 1860 ndi Januwale 1861, Michael Faraday anaimirira pamaso pa ana m'holo ya Royal Institution ku London n'kuwaphunzitsa kemisitiri maulendo 6. Mutu wa maphunziro onsewo unali kandulo. Anali ataphunzitsapo zomwezi mu 1848, koma ulendo uno mawu ake analembedwa momwe ankawayankhulira, ndipo William Crookes anawasonkhanitsa m'buku lotchedwa The Chemical History of a Candle, lomwe linatuluka mu 1861. Faraday anali ndi zaka 69 panthawiyo. Ndiye amene anatulukira benzene mu 1825, ndiponso amene anasonyeza mu 1831 kuti maginito atha kupanga magetsi. Mkulu wa mbiri yotere akanatha kudabwitsa ana ndi makina ophulika. Iye anasankha chinthu chimene mwana aliyense m'holomo anachisiya kunyumba.

Luso lake lagona pa ndondomeko. Sayamba ndi dzina la chinthu kapena lamulo loti ana aloweze. Amayamba ndi kuwaonetsa zomwe akhala akuziona tsiku ndi tsiku osaziganizira. Yatsani kandulo pamalo opanda mphepo muione pamwamba. Pamapangika kambale kokhala ndi phula losungunuka, koma m'mphepete mwake mumakhala molimba. Bwanji m'mphepetemo simusungunuka pomwe moto uli pafupi chonchi? Lawi likatenthetsa mpweya, mpweyawo umakwera, ndipo wina wozizira umalowa kuchokera pansi ukukhudza m'mbali mwa kandulo, n'kumaziziritsa m'mphepetemo. Mphepo ikangowomba mbali imodzi, kambale kaja kamagumuka, phula n'kuyenderera. Mwana wamva kale za kayendedwe ka mpweya wotentha asanapatsidwe liwu lililonse lovuta.

Yankho limenelo limabala funso lina. Phula lili pansi, moto uli pamwamba, nanga zimakumana bwanji? Apa Faraday anaimika mulu wa mchere pambale, n'kuthira pansi pake madzi a mchere opaka mtundu wa buluu, ana n'kumaona madziwo akukwera okha m'muluwo. Anawakumbutsanso za thawulo losiyidwa pamlomo wa beseni, mbali ina m'madzi ina panja, lomwe limakoka madzi mpaka kunyowetsa pansi. Chingwe cha kandulo chimagwira ntchito yomweyo.

Kenaka amafika pa chionetsero chimene ine ndimachikonda kuposa zonse, chifukwa chimangofuna kandulo ndi machesi basi. Zimitsani kandulo mosamala, osapemerera mwamphamvu. Pachingwe pamachoka kautsi koyera. Ikani machesi oyaka m'kautsi kameneko, masentimita angapo pamwamba pa chingwe, ndipo moto umatsetsereka m'kautsimo kukayatsanso kandulo, machesi osakhudza chingwe n'komwe. Amene waona zimenezi safunikanso kuuzidwa kuti chomwe chimayaka si phula lolimba, si losungunuka, koma nthunzi yake. Pofuna kutseka pakamwa pa wokayika, Faraday analowetsa kapaipi kagalasi pakati pa lawi, pamalo akuda pafupi ndi chingwe. Nthunzi inatulukira mbali ina ya kapaipiko, iye n'kuiyatsa, pakhala malawi awiri kuchokera ku kandulo imodzi. Atakweza kapaipiko kufika pamalo owala, kunatuluka utsi wakuda wosayaka. Ndipo pepala lodutsitsidwa mwachangu m'lawi limapserera mozungulira ngati mphete, pakati pake pali bwinobwino, kusonyeza kuti moto weniweni uli kunja kumene nthunzi ikukumana ndi mpweya.

Onani kuti zionetsero zitatuzi zikunena chinthu chimodzi, koma chilichonse chikuyankha chikayiko chosiyana. Mphunzitsi wothamangira kumaliza silabasi akanachita chimodzi, kapena kungojambula lawi pabolodi n'kulemba mayina a zigawo zake. Faraday ankadziwa kuti mwana akaona chodabwitsa kamodzi amachiyesa matsenga, koma akachiona katatu m'njira zosiyana amayamba kufunsa chifukwa.

Za kuwala anazifotokoza ndi mwaye. Timakala tating'onoting'ono tomwe timadetsa supuni mukaiika palawi ndi tomwe timawala tikatentha kwambiri tisanapse. Lawi lopanda timakalati limatentha koma siliwala kwenikweni. Anali ndi nthawi yosewera nawonso ana: anawaonetsa kandulo yovuulidwa m'sitima ya Royal George, yomwe inamira mu 1782, imene inakhala m'madzi a m'nyanja zaka zambirimbiri koma inkayakabe ikayatsidwa.

Wophunzira wa Fomu 3 amalemba mzere umodzi m'kope: mafuta kuphatikiza okosijeni zimapereka kaboni dayokosaidi ndi madzi. Faraday anatenga pafupifupi maphunziro ake onse kuti afike pamzere umenewu, ndipo sindikuganiza kuti anataya nthawi. Anayamba wagwira madzi otuluka m'lawi pa chinthu chozizira. Madzi kutuluka m'moto! Anatsimikiza kuti ndi madzidi powagwetsera potaziyamu, yemwe amayaka akakhudza madzi. Kenaka anagawa madzi ndi batire, n'kupeza haidrojeni ndi okosijeni, n'kufunsa kuti chilichonse chachokera kuti: haidrojeni m'kandulo, okosijeni mumpweya. Pambuyo pake anatenga mpweya wotsala kandulo ikayaka n'kuudutsitsa m'madzi a laimu, madziwo n'kuyera ngati mkaka. Pa phunziro lomaliza anapumira mpweya wake m'madzi a laimu ena, ndipo nawonso anayera chimodzimodzi. Ana anatuluka m'holomo akudziwa kuti chakudya m'thupi mwawo chimapsa pang'onopang'ono ndi okosijeni yemweyo, ndipo chotsala chake ndi chomwecho. Kuchokera pa kambale ka phula kufika pa kupuma kwa munthu, palibe pamene anawauza kuti angokhulupirira.

Kumene anatenga mtima umenewu n'kosabisika. Anali mwana wa wosula zitsulo, sukulu sanapite nayo patali, ndipo ali ndi zaka 14 anayamba kuphunzira ntchito yosoka mabuku kwa George Riebau. Kemisitiri anakumana naye m'buku la Jane Marcet, mayi amene analemba phunziroli mwa njira ya macheza pakati pa mphunzitsi ndi atsikana awiri, ndipo Faraday ankayesa yekha zomwe wawerenga ndi tizipangizo tomwe akanakwanitsa kugula. Ankadziwa pomwe munthu wopanda womuthandiza amasokonekera. Buku lake nalonso linadzagwira ntchito yomweyo kwa ena: Akira Yoshino wa ku Japan, mmodzi mwa amene analandira mphoto ya Nobel mu 2019 chifukwa cha batire ya lithium-ion, ananena kuti chidwi chake pa kemisitiri chinayamba aphunzitsi ake a ku pulayimale atamuuza kuti awerenge bukuli.

Koma pali mbali imene oyamikira Faraday amakonda kuidumpha, ndipo ndi imene ikukhudza aphunzitsi. Kuphweka konseku kunali ndi mtengo. Faraday anaphunzira kayankhulidwe ka pagulu kwa Benjamin Smart. Ankakhala ndi khadi lomukumbutsa kuti asathamange, ndi lina lomuuza kuti nthawi yatsala pang'ono. Koposa zonse anali ndi Charles Anderson, msilikali wakale amene anamuthandiza kwa zaka pafupifupi 40, kukonza zipangizo, kuyatsa ng'anjo, kumuyandikizira khadi lija akaona kuti liwiro lachuluka. Katswiri woposa onse wa nthawi yake sankaima yekha kutsogolo kwa kalasi.

Ndiye tikamauza mphunzitsi wa ku CDSS, amene ali ndi kalasi yodzaza, wopanda labotale komanso wopanda womuthandiza, kuti "gwiritsani ntchito zinthu zopezeka pafupi", tikunena zoona koma theka chabe. Zinthuzo zilipodi. Kandulo imagulitsidwa pa golosale iliyonse. Tambula youma yovundikira kandulo imachita nkhungu mkati lawi lisanazime, ndipo madzi aja ndi amenewo. Madzi a laimu amapangidwa ndi laimu wopakira nyumba: mumamutakasa m'madzi, n'kumusiya usiku wonse kuti adikhe, m'mawa n'kutsanula madzi oyera a pamwamba okha. Potaziyamu musiyeni, ngwoopsa ndipo safunika. Chosowa ndi ndondomeko yoyesedwa kale, yonena kuti chionetsero ichi chitsogole, funso ili lifunsidwe apa, ana akayankha molakwika motere muwaonetse ichi. Zimenezi n'zomwe Bill Hammack ndi Don DeCoste a ku University of Illinois anachita mu 2016, pomwe anajambulanso maphunziro a Faraday pa kanema n'kuwonjezera malangizo a aphunzitsi ndi ntchito zoti ana achite ndi manja awo.

Chosowa china ndi mpata woti aphunzitsi ayese okha, ali pakati pa anzawo, pomwe kulephera sikuchititsa manyazi. Pa maphunziro a aphunzitsi ine ndikanakonda ola limodzi lichotsedwe pa zokamba za kutsogolo, aliyense apatsidwe kandulo, machesi ndi kapaipi. Chionetsero cha malawi awiri chija chimakanika kawirikawiri poyamba. Kapaipi kakatalika kapena kakakhala kozizira, nthunzi imaundana m'kati isanafike kumapeto, ndipo machesi amatha popanda choyaka. Kamafunika kakhale kafupi, kopendekera m'mwamba, kotenthetsedwa pang'ono, ndipo nsonga yake ikhale pamalo akuda pamwamba pa chingwe, osati pamalo owala. Mphunzitsi amene zinamukanikapo Loweruka anzake akumuseka n'kumukonza dzanja, Lolemba amalowa m'kalasi atatenthetsa kale kapaipi kake.