XOR ndi luso lochotsa biti yoyamba

Zimandiwawa kuona momwe anthu akuweruzira nyimbo za modular synthesizer masiku ano. Munthu akaonetsa bokosi lake, nkhani yonse imathera pa kamvekedwe: filter iyi ndi yonona, oscillator ija ikulira ngati ya Moog, reverb yake ndi yakuya. Koma tatsinzinani mumvere kagundidwe kokha. Kick ikugunda kanayi pa bar iliyonse, hi-hat ikulowa pakati, basi, kuyambira pachiyambi mpaka nyimbo kutha. Bokosi ladya ndalama zankhaninkhani, mawaya apiringizana mpaka kuphimba ma knob, koma zomwe likuchita Roland TR-808 ya mu 1980 inkachita kale, ndipo inkazichita bwino koposa. Ngati mukufuna zimenezo, gulani drum machine musavutike.

Chomwe modular imaposera makina ena onse n'chakuti imakulolani kugwira nthawi yeniyeniyo, kuigawa, n'kugundanitsa zigawozo. Zida zochitira zimenezi ndi zija anthu amagula pomaliza akaona kuti m'bokosi mwatsala kampata: clock divider ndi logic module. Kampani ya Dieter Doepfer ya ku Germany, yomwe inayambitsa Eurorack ndi A-100 yake chapakati pa zaka za m'ma 1990, ili nazo zonse, A-160 yogawa clock ndi A-166 ya AND, OR ndi XOR. Mulibe matsenga m'menemo. Masamu ake ndi a George Boole a mu 1854, ndipo ma chip ogwira ntchito yomweyi, monga 4081 ya AND ndi 4070 ya XOR, ndi otchipa kwambiri. Stanley Lunetta wa ku Sacramento ankapanga zoimbira zathunthu ndi ma chip oterewa, moti mpaka lero makina amtunduwu amatchedwa ndi dzina lake.

Tengani clock imodzi muwerenge masitepe 12. Igaweni ndi 3, mupeza kugunda pa sitepe 1, 4, 7 ndi 10. Igaweninso ndi 4, mupeza pa 1, 5 ndi 9. Ambiri amaimira pomwepa, mzere wina n'kuupatsa kick, wina snare, n'kumati apanga polyrhythm. Imeneyo ndi mizere iwiri chabe yoyenda moyandikana, yosadziwana n'komwe. Ilowetseni mu OR, ituluka 1, 4, 5, 7, 9, 10, mzere umodzi wotsimphina mokoma. Mu AND ituluka 1 yokha, kamodzi pa masitepe 12, malo a cymbal kapena noti yaikulu ya bass. Tsono ilowetseni mu XOR. Ituluka 4, 5, 7, 9, 10. Sitepe yoyamba yasowa!

Apa ndi pomwe pagona mtima wanga. OR amangowunjika, ndipo mukamupatsa mizere yambiri amadzaza sitepe iliyonse mpaka kagundidwe kufa. AND ndi woumira, amatulutsa pang'ono. XOR amalankhula pokhapokha mzere umodzi wokha uli m'mwamba, monga amayi awiri osinja mu mtondo umodzi: musi wa uyu umatsika wa mnzake ukakwera, ndipo misi iwiri siilowa nthawi imodzi. Ndiye pamalo pomwe khutu likuyembekezera kugunda kwamphamvu, pomwe mizere yonse yakumana, XOR amakhala chete. Mpata umenewo ndi womwe umavinitsa. Thupi limadziwa kuti sitepe yoyamba ilipo, limaiponda lokha, ndipo kugunda kwa pa 4 kukafika kumamveka ngati kuyankha. Perekani AND kwa kick ndi XOR kwa rimshot kapena kwa envelope yotsegula filter, mudzamva zida ziwiri zomwe sizingapondane ngakhale mutazisiya zikulira usiku wonse, chifukwa zonse zabadwa m'magawo awiri omwewo.

Chomwe ambiri amaphonya, ndipo chimandinyansa ndikamva akunena kuti logic "sigwira bwino", ndi kutalika kwa gate. Logic sidziwa noti, sidziwa bar. Imangoona ngati waya uli ndi mavolti kapena ayi pa kamphindi ameneko. Pa liwiro la 120 BPM, sitepe imodzi ya sixteenth imatenga ma millisecond 125. Trigger imatenga ochepa chabe, pomwe gate ikhoza kudzaza sitepe yonse kapena kupitirira. Mu chitsanzo chija, 4 ndi 5 ndi oyandikana, 9 ndi 10 chimodzimodzi. Ma gate akakhala odzaza sitepe, awiriwo amalumikizana n'kukhala gate imodzi yaitali, ndipo drum module, yomwe imalira pokhapokha voteji ikukwera, igunda kamodzi m'malo mwa kawiri. Si kuti module yawonongeka. Mwaipatsa funso lina, ndipo yayankha molondola.

Tsono kutalika kumeneku kukhoza kukhala chida. Tengani divider yomwe imakhala m'mwamba theka la nthawi. Gawo la 4 likhala m'mwamba pa 1, 2, 5, 6, 9, 10, ndipo gawo la 6 pa 1, 2, 3, 7, 8, 9. XOR wa awiriwa akwera pa 3, atsika pa 4, akweranso pa 5 n'kukhala m'mwamba mpaka 8, kenako akwera pa 10. Mukapita nazo ku ng'oma mwachindunji mumva 3, 5, 10. Koma mukadutsitsa gate imeneyi mu AND pamodzi ndi clock yoyambirira ija, clock idula gate yaitaliyo n'kutulutsa 3, 5, 6, 7, 8, 10: kugunda kumodzi, mpata, kagulu ka zinayi zothamanga, mpata, kumodzi, kenako bata. Waya umodzi wowonjezera wasandutsa mzere wouma kukhala roll. Ndani akanakhala pansi n'kudina mabatani kuti apeze zimenezi? Ndipo mukapotoza pulse width ya mzere umodzi pang'ono, dongosolo lonse limasintha koma chibale chake sichitayika.

XOR ali ndi vuto lake lenileni. Mizere iwiri ikachokera ku ma module osiyana, sikwera pa kamphindi kofanana ndendende, ndiye pa sitepe yoyamba pamatuluka kakugunda kakang'onong'ono komwe ng'oma ina imakamva n'kulira pomwe munkafuna bata. Mankhwala ake ndi kutenga magawo onse ku divider imodzi, kapena kudutsitsa zotulukazo mu AND ndi trigger yochedwetsedwa pang'ono.

Za random sindichedwapo. Module yoponya mwayi, monga Branches ya Mutable Instruments, ndi yabwino pokometsera, koma kagundidwe kongodalira mwayi khutu silingakaphunzire, ndipo chomwe khutu silingaphunzire thupi silingachivine. Ma Euclidean rhythm ndimawalemekeza kuposa pamenepo. Godfried Toussaint wa pa McGill University ku Montreal anaonetsa mu 2005 kuti kugawa kugunda mofanana momwe zingathekere pa masitepe kumabala kagundidwe kodziwika kale m'nyimbo za anthu, monga tresillo wa ku Cuba, kugunda 3 pa masitepe 8. Koma momwe akugwiritsidwira ntchito lero ndi ulesi. Munthu atsegula menu ya module ngati Pamela's Workout, asankha manambala awiri, atumiza ku hi-hat, watha. Wapatsidwa yankho lomaliza kale osaona komwe lachokera. Atatenga mizere iwiri ya Euclid n'kuigundanitsa mu XOR, apo tikanamvana.

Maganizo oti mzere wachitatu ubadwe mwa iwiri sanayambe ndi magetsi. Pa amadinda, mangolongondo a ku Buganda, oimba awiri amakhala moyang'anana, mmodzi n'kumalowetsa noti zake m'mipata ya mnzake, ndipo wachitatu sapeka zake ayi: amamvera zomwe zikutuluka pa matabwa awiri otsika kwambiri n'kuzibwereza pa matabwa awiri apamwamba. Gerhard Kubik, yemwe anaphunzira chida chimenechi ku Kampala asanabwere kudzagwira ntchito ndi abale a Kachamba ku Chileka, analemba zambiri za kagundidwe kotere komwe khutu limamva koma palibe dzanja limodzi lomwe likukaimba. Modular siinachokere kumeneko, koma woimba wachitatu uja akugwira ntchito yomwe ine ndimafuna kwa logic module, ndipo aliyense wolumikiza mawaya ayenera kumumvetsera.

Kutalika kwa ulendo kulinso m'manja mwanu. Magawo a 3 ndi 4 amakumana pa masitepe 12, a 5 ndi 7 pa 35, ndipo 3, 4 ndi 5 pamodzi amakumana pa 60. Ndiye dzenje la reset la pa divider si lolumikiza mwachizolowezi. Mukatumiza reset pa masitepe 16 aliwonse, magawo a 5 ndi 7 amadulidwa asanamalize, n'kusanduka loop ya bar imodzi yokhala ndi kakhonde kokhota kumapeto, yabwino kwa ovina. Mukazula wayawo, mizere imayenda masitepe 35 onse, ndipo poyerekeza ndi kick ya masitepe 16 sibwerera pomwe inayambira mpaka masitepe 560 atadutsa. Kuzula ndi kubwezera waya umodzi umenewu nyimbo ili mkati ndi kuimba kwenikweni, kuposa kupotoza filter kwa mphindi khumi. Amene alibe bokosi akhoza kuyesa zonsezi pa kompyuta ndi VCV Rack, pulogalamu yaulere yomwe Andrew Belt anatulutsa mu 2017: clock imodzi, divider, logic ndi ng'oma ziwiri zikwanira, reverb muyambe mwaitseka.