Kalata ya mu 1890 yomwe idabala malire a pa Dedza

Pa 11 Januwale 1890, kazembe wa Britain ku Lisbon, George Petre, adatula kalata m'manja mwa Barros Gomes, nduna ya Portugal yoona za maiko akunja. Ndi kakalata kakafupi, kosadzaza ndi tsamba lomwe, ndipo dzina la Dedza mulibe. Komabe mzere wa malire womwe umayenda limodzi ndi msewu wa M1 kuchokera kuno kwathu kutsikira ku Ntcheu, uja umachititsa kuti tsidya lina la msika wa Lizulu likhale Mozambique, udachokera m'kalata imeneyi. N'chifukwa chake ndi yofunika kuiwerenga modekha.

Imayamba ndi kukana. Boma la Mfumukazi likuti silikukhutira ndi malonjezo a boma la Portugal. Kenaka pakubwera umboni, ndipo ndi umodzi wokha: wogwirizira udindo wa kazembe ku Mozambique watumiza telegalamu yoti Serpa Pinto, mkulu wa gulu la Apwitikizi, wanena yekha kuti anthu ake akadali pa Shire, ndipo kuti Katunga ndi malo ena m'dziko la Amakololo adzamangidwa malinga n'kuikamo asilikali. Taonani mmene umboniwu waimira. Lisbon ikumva kwa Petre, Petre wamva ku London, London yamva kwa kazembe wogwirizira, iyeyo akuti wamva kwa Serpa Pinto. Mlandu wotere pabwalo la mfumu akadafunsa kuti adaona ndi maso ndani. Koma wolemba adachenjera: adaika mawuwo m'kamwa mwa mdani, kuti Portugal ikatsutsa ioneke ngati ikutsutsa msilikali wake yemwe.

Sindikunena kuti ku Shire kudalibe nkhondo. Idaliko. Mu Novembala 1889 ankhondo a mfumu Mlauli adalimbana ndi gulu la Serpa Pinto, ndipo Amakololo ambiri adafa ndi mfuti za chiwaya. Apwitikizi nawo adali ndi chonamizira chawo, poti ulendo wawo ankautcha wofufuza ndi woyeza njira ya njanji, pomwe adanyamula asilikali mazanamazana. Chonamizira cholimba sichikhala bodza lokhalokha. Chimatola kanthu koona n'kukasenzetsa katundu yemwe si wake. 

Mtima wa kalatayi uli pa lamulo lake: bwanamkubwa wa Mozambique atumiziridwe telegalamu msangamsanga, kuti asilikali onse a Portugal omwe ali pa Shire, m'dziko la Amakololo ndi m'dziko la Amashona achoke. Mawuwa akumveka achilungamo chifukwa dzikolo likutchulidwa ndi maina a eni ake. Palibe pomwe Britain ikuti malowo ndi ake. Woiwerenga osadziwa kanthu angaganize kuti akuuza mlendo wamwano kuti atuluke m'nyumba ya eni.

Nanga eniwo adali ndani kwa Angerezi? Mafumu a Amakololo adali anthu omwe David Livingstone adabwera nawo kuchokera kumtunda kwa Zambezi n'kuwasiya kuchigwa cha Shire, komwe adadzalamulira Amang'anja. Mu 1884 mzungu wamalonda George Fenwick adawombera mfumu Chipatula, anthu a Chipatula nawo adapha Fenwick n'kumiza sitima ya African Lakes Company yotchedwa Lady Nyasa. Nthawi imeneyo azungu a ku Blantyre sankawatcha abwenzi ofunika kuwateteza. Ubwenziwo udakula pamene Apwitikizi adayandikira, ndipo mu Sepitembala 1889 John Buchanan, yemwe ankagwirizira ukazembe, adalengeza kuti derali lili pansi pa chitetezo cha Britain. Buchanan yemweyo adali mlimi wa khofi ku Zomba, wokhala ndi minda yake yoti aiteteze.

Amashona ndiye akudabwitsa kwambiri. Umboni wonse wa m'kalatayi ukunena za Shire ndi Katunga; za Amashona mulibe dandaulo ngakhale limodzi. Angotulukira mu lamulo, ngati mbuzi yomwe wogula ng'ombe waikokera m'khola mwakachetechete. Chifukwa chake chili kunja kwa kalata. Pa 29 Okutobala 1889 kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company, idali italandira chilolezo cha Mfumukazi, ndipo mapu a Portugal ofuna kulumikiza Angola ndi Mozambique ankatseka njira yake yopita kumpoto. Mu Sepitembala 1890, patangotha miyezi isanu ndi itatu, gulu la Rhodes lidakweza mbendera pa Fort Salisbury, pomwe lero pali Harare, pakati penipeni pa dziko lija lidayenera kusiyidwira eni ake.

Chiganizo chomaliza ndi cha nthawi. Yankho lokhutiritsa likapanda kufika madzulo a tsiku lomwelo, Petre achoka ku Lisbon ndi onse a ku ofesi yake, ndipo sitima ya Mfumukazi yotchedwa Enchantress ikudikira ku Vigo. Mawu oti nkhondo sadalembedwe. Petre akuonetsedwa ngati munthu wokakamizidwa ndi malangizo, wosachitira mwina, ndipo sitimayo ikungodikira. Koma kuchotsa kazembe masiku amenewo kudali kutsekulira mfuti njira, ndipo aliyense ku Lisbon ankadziwa kukula kwa sitima zankhondo za Britain.

Changu chimenechi chili ndi gwero. Portugal inkafuna kuti mkanganowo upite kwa mkhalapakati, potsamira pangano la ku Berlin la 1885. Britain idali italawapo kale zimenezi kawiri: mu 1870 pulezidenti Ulysses Grant wa America adagamula kuti chilumba cha Bolama ndi cha Portugal, ndipo mu 1875 pulezidenti MacMahon wa France adachita chimodzimodzi pa Delagoa Bay. Maola ochepa aja adaikidwa kuti pasapezeke mpata woitana woweruza wachitatu. Kwa ine apa ndi pomwe kalatayi imadziulula, chifukwa wokhulupirira mlandu wake sathawa bwalo.

Portugal idagonja, boma lake lidagwa, anthu adakwiya m'misewu ya Lisbon. Zimenezo ndi zawo. Zathu zidabwera pa 11 Juni 1891, pamene maiko awiriwa adasainirana pangano la malire. Kuno kumapiri mzerewo udatsata mtunda wogawa madzi: mvula yotsikira ku Linthipe n'kukathira m'nyanja ndi ya Angerezi, yotsikira ku Revúbuè n'kukathira mu Zambezi ndi ya Apwitikizi. Pamapu ndi nzeru yooneka bwino. Pansi pano mzerewo udadutsa pakati pa ufumu wa Angoni a Maseko, kusiya phiri la Domwe, komwe kudali likulu lawo, ku Angónia, ndi kugawa midzi ya Achewa a mbumba imodzi. Wa ku Dedza yemwe ali ndi malume ku Ulónguè amadutsa pa chipata cha Calómuè chifukwa cha pangano lomwe Mngoni kapena Mchewa sadafunsidwe.

Ndipo kalembedwe kaja, koteteza wina pofuna kutenga dziko, kadafika kuno posakhalitsa. Chikuse, mfumu ya Angoni a Maseko, atamwalira mu 1891, Gomani yemwe adalowa ufumu ndi Kachindamoto adamenyana mpaka Kachindamoto adakakhazikika ku Mtakataka. Gomani adakana msonkho wa atsamunda ndipo sankafuna kuti anthu ake azikagwira ntchito m'minda ya azungu. Mu 1896 ankhondo ake atavutitsa midzi yozungulira mishoni, boma la ku Zomba lidapeza anthu atsopano oti liwateteze. Asilikali adakwera mapiri, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho Inkosi Gomani adaphedwa.