Chinalira kapena analira?

Yesani kufotokoza m'Chichewa buku la Mary Shelley la 1818, Frankenstein, muone pomwe lilime limakodwa. Ambirife timathamangira dzina loti chilombo. Basitu mlandu tagamuliratu, chifukwa mneni aliyense azisenza chi-: chinathawa, chinapha, chinalira. Komatu chopangidwa ndi Victor chija chimaphunzira kuyankhula, chimawerenga Paradise Lost, mpaka kupempha mkazi woti chizikhala naye. Mwaona? Nanenso ndagwera m'mbuna yomweyo.

Chingerezi chimazemba, pena "it" pena "he". Ife magulu a mayina satilola kuzemba. Mufilimu ya 1931, momwe Boris Karloff amangobuula, chi- akukhala bwino. M'buku ayi. Ine ndingayambe ndi "chinadzuka", koma akangoyamba kusimba yekha mavuto ake kufupi ndi phiri la Mont Blanc, ndilembe "anati".