Nambala yachinsinsi imodzi, zinthu zitatu

Mwezi watha azakhali anga ku Dedza anagula foni yatsopano, koma polowanso mu akaunti yawo yotumizirana mauthenga zinakanika. Mnyamata wokonza mafoni pamsika anali atawapatsa kapepala ka malangizo m'Chichewa, ndipo mzere wachiwiri unati: "Lembani nambala yachinsinsi." Iwo analemba pini yawo ya ndalama za pafoni katatu konse, mpaka pulogalamuyo inawauza kuti adikire kaye. Atandiimbira anati, "Iwe, nambala yanga ndi yomweyi, nanga ikundikaniranji?" Sanalakwe ayi. Anachita zimene kapepalako kanawauza.

Kapepalako ndinakawerenga, ndipo sindikufuna kukanyoza. Ziganizo zake ndi zazifupi, kakulamula mwaulemu (lembani, dikirani, onani), ndipo kakunena "uthenga" m'malo mwa SMS. Pamene kakugwa ndi pa mawu awiri aja, amene tawasenzetsa katundu wa zinthu zitatu zosiyana.

Pasiwedi umasankha wekha ndipo imakhalitsa. Pini nayo umasankha wekha, koma ndi manambala okhaokha, nthawi zambiri 4 pa ndalama za pafoni. Chachitatu ndi chimene Chingerezi chimati verification code: sumasankha, imachita kukubwerera, imagwira ntchito kamodzi, ndipo ikakhalitsa imafa. Pa WhatsApp, mwachitsanzo, imakhala ya manambala 6 ndipo imabwera pa uthenga kapena pokuimbira foni. Mawu akuti "yachinsinsi" amauza munthu kuti afufuze m'mutu mwake, pomwe chofunikacho chili mu bokosi la mauthenga.

Ena amati "nambala yotsimikizira". Apa pali bwinoko, koma mneni kutsimikizira amasiya funso: ndani akutsimikizira yani? Akuba amalowera pomwepo. Amakulembera kuti, "Pepani, ndatumiza nambala yanga kwa inu molakwitsa, tanditumizireni." Ife amene tinaleredwa kuti chinthu cha mwini chimabwezedwa timangotumiza, akaunti n'kupita. Mawu abwino anayenera kuonetsa kuti nambalayo ikutsimikizira kuti foni ili m'manja mwako, ndiye ndi yako.

Nanga tingobwereka? Achinyamata anabwereka kale, koma kalembedwe ndiye kakutipusitsa. Ndaonapo wina atalemba kuti, "Kodi kodi yafika?" Woyambayo ndi mawu ofunsira, wachiwiriyo ndi code. Chichewa chimasiyanitsa k ndi kh, monga mu kola ndi khola, ndipo mawu ambiri a Chingerezi oyamba ndi liwu limeneli tinawalandira ndi mpweya: khofi, khadi, khoti. Alipo ena opanda h, ngati kapu ndi kompyuta, koma pano kusankha n'kosavuta. Tilembe khodi, igwirizane ngati mmene imachitira khadi: khodi yanu, makhodi anu.

Cholakwa china chili kumapeto kwa kapepalako: "Ikapanda kubwera, yesaninso." Basi. Komatu kuyesayesa ndi kumene kumatalikitsa nthawi yodikira, ndipo khodi yatsopano ikabwera, yakale nthawi zambiri imasiya kugwira. Munthu amafunika kuuzidwa kuti aone ngati simu ya nambalayo ili mufoni, ngati netiweki ilipo, ndiponso ngati analemba bwino nambala pambuyo pa +265, osayambanso ndi 0. Ngati simu inatayika, apite ndi chiphaso cha unzika ku kampani yake ya foni akamubwezere nambala yomweyo, pakuti kuyambira 2018 masimu ku Malawi amalembetsedwa m'dzina la mwini wake. Asachedwe, chifukwa nambala ikakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito imatha kupatsidwa kwa wina, makhodi n'kumapita kwa mlendo.

Ngakhale mawu akuti "kubwezeretsa akaunti" amabisa kanthu. Amamveka ngati pali munthu ku ofesi amene akubwezere ukadandaula, pomwe zoona n'zakuti umabwerera ndi zimene unakonzeratu. Google imapereka makhodi 10 a manambala 8 oti usunge papepala. WhatsApp imalola kuika imelo pa pini yake yowonjezera chitetezo, ndipo woiwala piniyo alibe imelo amadikira masiku 7.

Ndikanakhala ine ndikulemba, mzere wachiwiri uja ukanati: "Mulandira uthenga wokhala ndi khodi ya manambala 6. Si pini yanu. Ilembeni pompano, ndipo musauze munthu aliyense, ngakhale atati ndi yake." Ndi wautali kuposa woyamba, inde, koma azakhali nditawawerengera pafoni anatsegula mauthenga, n'kupeza makhodi atatu ali ndii. Anapempha yatsopano, analemba, akaunti inatseguka. Kenako anandifunsa, "Ndiye imeneyi ndiiloweze?" Ndinati ayi azakhali, imeneyo yatha ntchito.