Nyimbo Imodzi, Mapepala Anai

Inu acinyamata a ku Chunga, Matero ndi Lilanda amene munavota pa 12 August 2021, mukumbukira kuti pa tebulo la a ECZ anakupatsani mapepala anai. Loyamba linali la mtsogoleri wa dziko, laciwiri la MP, lacitatu la meya wa Lusaka, lacinai la khansala wa wodi yanu. Tsono yesani kufunsa mnzanu wa m'kwaya dzina la munthu amene anamucongera pa pepala lacinai. Ambiri ayamba kukanda kumutu. Koma muyambitseni nyimbo ya kampeni ya caka cimeneco, adzaimba mpaka kumapeto osaphonya liu ngakhale limodzi. Kwa ambiri a ife nyimbo zimenezi ndizo sukulu yokha ya ndale imene tinalowamo, motero nkoyenera kuti tiziyese monga timayesera mphunzitsi: anatiphunzitsa ciani, ndipo anasiya ciani?

Tiyambe ndi imene ine ndimaiona kuti inapambana zonse, Donchi Kubeba ya malemu Dandy Krazy. Inatuluka mu 2011, cipani ca MMD citalamulira zaka 20. Pa nthawi ya kampeni zitenje, malaya ndi ndalama zinali kugawidwa m'makomboni, ndipo munthu wosauka anali pakati pa moto uwiri. Akakana mphatso, adziwika kuti ngwa cipani cotsutsa. Akalandira, mtima umamuuza kuti wadzigulitsa. Nyimboyo inampatsa njira yacitatu: landira, koma usawauze kumene voti yako ipita. Nzeru yake ili pamenepo. Sinapemphe mai wogulitsa tomato kuti akhale ngwazi yokaima pamaso pa makada. Inangomukumbutsa cinthu cimene lamulo linampatsa kale, kuti m'kacipinda kovotera amakhala yekha. Ngakhale cizindikiro cake, cala pa milomo, cinali coti mwana ndi gogo acimva mofanana. Pa 20 September 2011 a Michael Sata anapeza mavoti pafupifupi 42 pa 100 alionse, a Rupiah Banda 35, ndipo a Banda anatula udindo mwamtendere.

Komabe nyimbo yabwinoyi inatisiyira cilema. Inasambitsa ciphuphu nkuciveka malaya oyera. Kuyambira pamenepo kulandira kanthu kwa wandale kunaleka kucititsa manyazi, kunakhala kucenjera. Lero munthu wofuna ukhansala akafika pa gulu la anyamata pa kantemba, asanathe ngakhale moni amamva kuti, "Bwana, mutisiyireko ya madzi." Wofuna upulezidenti ali ndi omuthandiza olemera, sizimuvuta. Koma mphunzitsi wopuma nchito amene amadziwa ngalande iliyonse ya m'wodi yanu alibe zitenje zogawa, ndipo palibe amene amaima kumumvetsera. Amene amapambana ndi uja wotengedwa ndi cipani cifukwa ali ndi galimoto ndi ndalama za mafuta.

Dununa Reverse ya JK ndi anzake, ya mu 2016, njosiyana. Kunena zoona, pa kavinidwe palibe ina yoiposa. Inalira pa maukwati, pa makicheni pate, m'minibasi za ku Chelstone ndi Kabwata, ndipo ngakhale a UPND amene inali kuwanyoza anali kugwedeza mapewa. Koma cotsani ng'oma ndi gitala, muone cotsala. Ndi matamando a munthu mmodzi ndi cipongwe kwa mnzake kuti wazolowera kulephera. Ndi nyimbo ya ku bwalo la mpira, yoimbira timu imene yagoletsa.

Cimene cimandipweteka ncakuti caka ca 2016 cinali ndi zatsopano zambiri zofunika kuphunzitsa anthu. Malamulo aakulu a dziko anali atangosinthidwa mu January. Wofuna kukhala pulezidenti anayenera tsopano kupitirira theka la mavoti onse. Waciwiri wake anayamba kusankhidwira pamodzi naye. Ndipo kwa ife a mu Lusaka, meya amene kale anali kusankhidwa ndi makhansala okhaokha m'cipinda ku Civic Centre anayamba kusankhidwa ndi anthu onse, kwa zaka zisanu. Panalinso pepala lacisanu, la referendamu yoonjezera maufulu a anthu m'malamulo, imene inalephera cifukwa ovomereza sanafike pa ciwerengero cofunika. Tinavina mpaka tsiku lovota, a Edgar Lungu napambana ndi 50.35 pa 100, koma ambiri tinatuluka osadziwa kuti pepala lacisanu linali kufunsa ciani.

Mwina mukuti, "Nanga nyimbo ndi buku la Civics?" Iai, si buku. Koma onani cimene cimacitika nyimbo ikakhala palibe. Meya woyamba wosankhidwa ndi anthu, a Wilson Kalumba, anamwalira mu 2018, ndipo mu July caka comweco panacitika masankho apadera. Kumbukirani kuti miyezi yocepa cabe m'mbuyo mwake mzinda unali pa maliro a kolera, imene inayamba mu October 2017. Asilikali anacotsa ogulitsa m'miseu ya m'tauni, masukulu anacedwa kutsegulidwa, misonkhano inaletsedwa m'madera ena kufikira ndi mapemphero omwe, ndipo Heroes Stadium inasanduka cipatala. Ngati panali nthawi yoti anthu a Lusaka athamangire kukasankha woyang'anira ukhondo wa mzinda, inali imeneyo. Koma mwa anthu asanu alionse olembetsa, amene anakavota sanakwane ngakhale mmodzi. A Miles Sampa anapambana pa masankho amene anthu ambiri anangowamvera pa wailesi.

Inu a ku Chunga simufunika kuuzidwa nchito ya khonsolo, mumainunkhiza. Malole a zinyalala ocokera ku Kabulonga, Woodlands, Chelstone ndi m'tauni amathera kwanu, pa dzala lalikulu la mzinda wonse. Dzala likayaka, utsi sulowa m'mayadi mmene zinyalalazo zinacokera, ulowa m'nyumba zanu ndi m'zifuwa za ang'ono anu. Manda a Chunga ndi a Chingwere, kumene mabanja a m'makomboni amaika abale ao, ali pansi pa khonsolo. Misika, masiteshoni a basi, ngalande za m'miseu ya m'komboni, zilolezo za mabala amene amatsegula pafupi ndi sukulu, zonsezi ndi za pepala lacitatu ndi lacinai. Ngakhale kampani ya madzi ya Lusaka eni ake ndi makhonsolo. Pulezidenti angabwere tsiku limodzi atavala magambuti, makamera ali pambuyo, koma wodziwa cifukwa cake lole sinabwere kudzatenga zinyalala pa msika kwa milungu itatu ndi munthu uja amene dzina lake munaiwala. Kolera inabweranso kumapeto kwa 2023, nipha anthu mazana angapo, ana a sukulu nakhala pa nyumba mpaka February 2024. Apa nkuti boma litasintha kale.

Za 2021 sindicedwapo. Alebwelelapo ya a PF inamveka paliponse, makamaka cifukwa misonkhano ikuluikulu inaletsedwa ndi Covid ndipo kampeni inatsalira pa magalimoto a masipika. Anthu anavina, nalandira, nakavotera wina: a Hakainde Hichilema mavoti oposa 2.8 miliyoni, a Lungu 1.8 miliyoni. Phunziro la Donchi Kubeba linabwerera eni ake. Koma musaganize kuti mbali inayo inatiphunzitsa zosiyana. Mau akuti "Bally will fix it" anali ndi matenda omwewo, akuti pali bambo mmodzi amene akangolowa ku State House zonse zidzakonzeka, ife tingodikira. Mu 1991 makolo anu anakweza zala ziwiri nafuula kuti nthawi yakwana, ndipo naonso anali kuyang'ana munthu mmodzi. Zipani zimasintha, kaimbidwe kamasintha, koma mwini nyimbo amakhala mmodzi nthawi zonse, ndipo ena atatu aja amangokwera pa msana pake.

Ndiwo mcitidwe umene timaucha kuvota suti: jekete, thalauzi ndi tai zonse za nsalu imodzi. Oikonda suti ali ndi mfundo, ndipo sindiitaya. Amati khonsolo imadalira ndalama zocokera ku boma lalikulu, tsono meya wa cipani cina adzangokangana ndi nduna zaka zisanu, mzinda uli kuvutika. Nzoona kuti zotere zimacitika. Koma Lusaka inavala suti yathunthu kuyambira 2011 mpaka 2021, State House ndi Civic Centre zonse za PF, ndipo m'zaka zomwezo ndalama za pa Intercity ndi m'misika ikuluikulu zinali kutoleredwa ndi makada, khonsolo ili kulephera kulipira anchito ake pa nthawi. Makada sanayambe ndi PF, analipo ndi pa MMD. Khansala amene analowa cifukwa ca nkhope ya pulezidenti amadziwa bwino amene anamupatsa mpando, ndipo si inu. Sangadzudzule anyamata a cipani cake. Mu 2021 Lusaka inaivula pang'ono sutiyo: UPND inatenga Kabwata, Munali, Kanyama ndi Lusaka Central, PF nisunga Matero, Mandevu, Chawama ndi umeya kudzera mwa mai Chilando Chitangala. Kaya kunali kuganiza mofatsa kapena kukonda cipani cabe, zinaonetsa kuti mapepala anai angathe kupita m'njira zosiyana dziko osagwa.

Ndipo tsopano pa mapepala apansiwo pali ndalama zeni-zeni. Thumba la citukuko la konsticuwense iliyonse, CDF, linali K1.6 miliyoni pa caka. Mu bajeti ya 2022 linakwera kufika K25.7 miliyoni, ndipo mu 2025 linafika K36.1 miliyoni. M'menemo muli ndalama zomangira makalasi ndi zipatala zazing'ono, zolipirira ana ovutika ku masukulu ogonera komweko, zophunzitsira acinyamata umisiri, ndi ngongole za magulu a amai ndi acinyamata. Mafomu amayambira ku komiti ya citukuko ya wodi, mmene khansala amakhalamo, nadzera ku komiti ya konsticuwense, ndipo ndalama zimatuluka kudzera ku khonsolo. Mnyamata wa ku Chunga wofuna kuphunzira zowocerera zitsulo kapena zamagetsi sadzalembera kalata ku State House. Adzagogoda pa khomo la anthu amene anawasankha atatseka maso, kapena amene sanapite nkomwe kukawasankha pamene zoni yake inali kusankha oimira m'komitiyo.

Musandimve molakwa. Pepala loyamba ndi lalikulu ndithu. Ngongole zimene dziko linalephera kubweza mu November 2020, maphunziro aulere amene anayamba mu January 2022, mtengo wa thumba la ufa, kuzimazima kwa magetsi m'cilala ca 2024, zonsezi zimakhudza amene akhala ku State House, ndipo ine monga wovota ndimaziika pa sikelo. Cimene ndikana ndi nyimbo yondiuza kuti sikelo ndi imodzi. Nzodabwitsa kuti a Sata eni ake, amene Donchi Kubeba inawanyamula, anayambira pa ukhansala ku Bauleni. Anakhala MP wa Kabwata, ndipo mbiri yao ya munthu wogwira nchito anaipanga ali bwanamkubwa wa Lusaka kuyambira 1985, pa zinthu zonga miseu ndi ukhondo. Anthu anawakhulupirira pa zazikulu cifukwa anawaona pa zazing'ono.

Oimba athu sindiwaimba mlandu wonse. Studio imafuna ndalama, ndipo wolipira ndiye amasankha dzina lolowa mu korasi. Ngakhale nyimbo zodzudzula, zimene palibe wandale amene anazilipira, zimaloza komweko. Bufi ya Petersen Zagaze ndi Pilato inafunsa za malonjezo a boma la a Sata, ndipo Pilato anamangidwa mu 2015 cifukwa ca nyimbo yonena za a Lungu. Kulimba mtima kumeneko nkoyamikika, koma naonso maso anali ku State House. Petersen anatembenuka nayang'ana ku Civic Centre. Pa masankho apadera aja a 2018 anaima pa umeya wa Lusaka, dzina lake leni-leni la Mukubesa Mundia lili pa pepala. Acinyamata amene anali kudzaza maholo kukavina nyimbo zake sanadzaze mizere ya pa malo ovotera, ndipo anathera kutali kwambiri ndi wopambana.